Kabokosi Kamene Malizani Anafufuta

Magetsi apita amenewo, ndipo musawadikire, lero sabweranso. Zingwe za masipikazo zisiyeni pomwepo, tidzapinda mawa kukacha. Kokerani mbaula pakati apa, aliyense apeze pokhala, ndikuuzeni za Malizani wa ku Bangwe. Iwe wasekawe, seka bwino, tione ngati useke mpaka kumapeto. Ena mwa inu munamuonapo Malizaniyo akuliza kiyibodi m'maukwati, bambo wamtali, wosayankhulayankhula, amene akamaliza nyimbo amachotsa manja msangamsanga ngati wagwira mbale yotentha. Kale sanali wotero ayi.

Malizani anali wa kiyibodi mu bandi ya a Mbendera, ndipo tisamunamizire, zala anali nazo. Pa perekaniperekani amayi ankachita kufika pamene wakhala n'kumamupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, uku holo yonse ikukuwa, "Malizani! Malizani!" Basitu, nkhani yonse yagona pamenepo. Anthu ena amakhalira mowa, ena amakhalira zovala, koma uyu ankakhalira dzina lake. Akalimva likutchulidwa ndi khamu la anthu, ankapita kunyumba wokhuta ngakhale asanalawe kanthu.

Ndiye kunabwera Anakileti.

Anakileti anali mnyamata wa ku Nguludi, wamfupi, wachibwibwi, wokonza mafoni mu Limbe. A Mbendera anamutenga kuti azithandiza kulumikiza masipika basi. Koma tsiku lina bandi ikukonzekera ukwati, iye anatulutsa m'chikwama laputopu yakale yomanga ndi mphira, pamodzi ndi joyisitiki, kachipangizo kaja ana amagwira ndi manja awiri posewera magemu. Anthu anaseka. Malizani ndiye anaseka koposa onse.

Pa sikirini ya laputopuyo panalibe chithunzi cha piyano kapena cha ng'oma. Panali timabokosi tokhatokha, tambirimbiri, tolumikizana ndi timizere toyanga uku ndi uku ngati maungu m'munda. Zonsezo anazimanga yekha.

"A-aka kamamvetsera mabatani a laputopu," anatero Anakileti akuloza kabokosi kamodzi. "Aka kamamvetsera joyisitiki. U-ukadina batani, uthenga umatsika ndi kamzere aka mpaka kukagogoda ng'oma. Kanyali kobiriwiraka kamaphethira nthawi iliyonse munthu akakhudza batani, ku-kuti ndidziwe kuti uthenga walowa."

Atatero anagwira joyisitiki ija. Abale inu! Munthu amene pakamwa mawu ankachita kumuthawa, m'zala munalibe chibwibwi ngakhale pang'ono. Chala chachikulu chakumanzere chikapendeketsa kandodo, mangolongondo ankakwera ndi kutsika. Chakumanja chikadina, ng'oma za tchopa zimene anakajambula yekha kwawo zinkagunda mpaka malata kunjenjemera. Munalinso liwu lake lomwe, akuyimba cham'mphuno milomo ili chitsekere, limene ankalitulutsa nyimbo ikamatha.

Loweruka limenelo, pa ukwati, anthu anamufulatira Malizani. Sikuti anamunyoza ayi, bola akanamunyoza. Anangomuiwala. Onse anakaunjikana kumene kunali kamnyamata kachibwibwi kaja, ana kukwera pamipando kuti aone zala zake, ndipo dzina limene linagwedeza holo tsiku limenelo silinali la Malizani. Iye ankangoliza kiyibodi yake kumbali, maso ali pa misana ya anthu.

Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho. Foni ya Malizani ikalira, iye n'kuyankha mwaulemu poganiza kuti ndi ntchito, ankamva munthu akuti, "Pepani achimwene, tikufuna nambala ya mnzanu uja wa joyisitiki." Ndipo nambala ankapereka, nanga akanatani? Koma akadula foni ankakhala nthawi yaitali akuyang'ana khoma.

Nsanje, anzanga, ndi matenda oipa, chifukwa wodwalayo amawabisa. Anakileti analibe naye chifukwa. Ankachita kumulondola.

"A-amwene, bwerani ndi kiyibodi yanuyo tiilumikize umu, ti-tiziliza limodzi. Inu zala zanu n'zabwino kuposa zanga."

"Ine ndimayimba nyimbo, aise," ankayankha Malizani. "Magemu a ana ndinasiya kalekale."

Koma akafika kunyumba, mkazi wake Esinala ankamupeza atakhala pakhonde, manja ali m'malere, zala zazikulu zikudina mphepo. Tsiku lina Esinala akusesa anayamba kuyimba chapansipansi, osadziwa n'komwe kuti ndi nyimbo ya Anakileti. Malizani anadzambatuka pampando, kapu ya tiyi n'kugwa.

"M'nyumba mwanga momwe? Nawenso wayamba?"

Esinala anaimika tsache. "Bambo, kodi mnyamata uja anakulakwirani chiyani? Mukuwondatu inu. Akangotchulidwa pakhomo pano, chakudya mumachisiya."

"Anthu ndi mbuzi," anatero Malizani. "Zaka zonsezi ndavutika ndi kiyibodi ine, lero akuombera m'manja chidole."

Mvula itayamba, Anakileti anadwala. Mutu, mutu, kenako kugonekedwa, ndipo pasanapite nthawi uthenga unafika woti watisiya. Malizani anapita kumaliro, anayimba nawo, ananyamula nawo bokosi, misozi inatuluka ndithu. Koma ine sindimubisira. Pansi pa chisoni chonsecho panali kachimwemwe kakang'ono konyansa, ndipo iye mwini ankakamva. Pobwerera kumanda anang'ung'udza yekha kuti, "Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika." Esinala anamva. Anamuyang'ana mwamuna wake, kenako anafulumiza mapazi kukayenda ndi amayi anzake.

Tsono panali ukwati wina umene unali utakonzedwa kale, ndipo akwatiwo anasankha bandi ya a Mbendera chifukwa cha joyisitiki ija. A Mbendera anati akawauza eni ukwati kuti zimenezo sizithekanso.

"Musawauze," anatero Malizani. "Ndiliza ine."

"Iwe? Si unkati ndi chidole?"

"Ndiye chidole chingandikanike ine, bwana?"

A Mbendera anapukusa mutu. "Katundu wa malemu sakhudzidwa achibale asanabwere kudzasudzula mkazi. Ukudziwa zimenezi, sindiwe mwana."

Ankadziwa. Koma madzulo a tsiku lomwelo anali kale pakhomo pa Nangozo, mkazi wa malemu. Nangozo anali atakhala pamphasa, duku lakuda lili kumutu, ndipo katundu yense wa mwamuna wake anali womangidwa m'mitolo kuchipinda, kudikira akuchimuna ochokera ku Nguludi.

"Pepani alamu, sindingathe," anatero Nangozo atamva pempho lake. "Ngakhale malaya ake sindinachape. Akuluakulu anandiuza kuti chilichonse chikhale momwe mwini wake anachisiyira, mpaka iwo atabwera."

Apa ndiye Malizani anachita chinthu chimene ngakhale mfiti imayamba yaganiza kaye. Ananamizira wakufa.

"Alamu, ine ndinafika kuchipatala nthawi ija inu munatuluka kukatunga madzi. Anandigwira dzanja. Anati, 'Amwene, ukwati uli kutsogolowu musawakhumudwitse anthu, mukalize inu.' Ndi mawu ake amenewo. Ine ndingawataye?"

Kuchipatalako sanapondeko n'komwe. Nangozo analira, analowa kuchipinda, natuluka ndi laputopu ndi joyisitiki atazikulunga m'chitenje.

"Ngati ananena yekha, tengani. Koma musasinthe kanthu, alamu. Ibwere momwe yachokera."

Kunja kunali chisisira, kamvula kakuwaza. Malizani anadzera njira yachidule yodutsa kudambo, mtolo uli kukhwapa. Atafika pa kamlatho ka mitengo anapeza munthu ataima pakati penipeni, wamfupi, atafunda jekete kumutu moti nkhope sinkaoneka.

"Zikomo akulu, tidutse nawo," anatero Malizani.

Munthuyo anapatuka pang'ono, natambasula manja onse awiri, mmene timachitira polandira mlendo katundu. Sanayankhule. Anangotambasula manja.

"Iyayi, ndi wopepuka, ndinyamula ndekha."

Anadutsa. Atawoloka anacheuka, ndipo pa mlathopo panalibe munthu, madzi okha akuyenda pansi. Anadziuza kuti ndi chidakwa china chimene chatsikira m'mabango. Koma chimene sanathe kudzifotokozera n'chakuti mtolo uja unali wofunda kukhwapa kwake, ngati laputopu imene yagwira ntchito tsiku lonse, pamene inali yozima chigonekedwere mwini wake.

Masiku otsatira Malizani sankatulukatuluka m'nyumba. Ndipo mutu anali nawo, tisamuchepetse. Anatsatira kamzere kalikonse ndi chala mpaka anadziwa batani loliza ng'oma, loliza mangolongondo, komanso batani lalitali la m'munsi mwa laputopu lija, limene Anakileti analikonza kuti ukalimenya, zonse zizingoti zii nthawi imodzi. Pofika pakati pa sabata nyimbo inayamba kumveka ngati nyimbo.

Koma pamwamba pa sikirini, pakona, panali kabokosi kamodzi kamene kankamulasa m'maso. Tina tonse tinali ndi mayina a ntchito zake, aka ng'oma, aka mangolongondo, aka liwu. Ako kokha kanalembedwa kuti ANAKILETI. Timizere tambiri tinkalowa m'menemo n'kutulukanso, koma ukadina batani lililonse, iko sikankaliza kanthu.

"Ha! Ngakhale uli m'manda ukufuna anthu azikuwerenga?" anatero Malizani.

Anaganiza za ana aja okwera pamipando, kuti Loweruka adzasuzumira pa sikirini n'kuwerenga dzinalo mokweza iye ali chiimire pomwepo. Mtima unamuwawa ngati wathiridwa tsabola. Anakasankha kabokosiko n'kukafufuta. Timizere tonse tolowa m'menemo tinazimirira nako limodzi. Anasunga ntchito yakeyo akumwetulira.

Inu a zingwe mwadziwa kale chimene anachita, koma ndiwafotokozere enawa. Batani lililonse limayankhula kawiri. Ukalidina limati "ndagwidwa," nyimbo n'kuyamba. Ukachotsa chala limati "ndasiyidwa," nyimbo n'kuleka. Uthenga wachiwiriwu suliza kanthu, n'chifukwa chake munthu wosadziwa amauyesa wachabechabe. Anakileti anasonkhanitsa mauthenga onse osiya aja kuti azidutsa m'kabokosi kamodzi, ndipo chifukwa chimene anakapatsira dzina lake akuchidziwa ndi iye yekha. Malizani anatsala ndi makina omva kugwira koma osamva kusiya.

Atadinanso batani, mangolongondo analira osaleka. Anadina lina, ng'oma n'kuunjikana pamwamba pake. Anayesa kubweza kabokosi kaja, koma sankadziwa mmene mkati mwake munalili. Thukuta linatuluka. Kenako anakumbukira batani lalitali lija, analimenya, zonse zii.

"Basi, nkhani yatha," anadziuza. "Ndizingomenya ili pomaliza."

Zachilendo zinayamba mawa lake, ndipo zinayamba masanasana, dzuwa likuswa mtengo. Esinala akutsuka mbale kuseri kwa nyumba anamva munthu akuyimba cham'mphuno pabalaza. Anayesa ndi mwamuna wake, mpaka pamene anamuona mwamuna wakeyo akulowa pageti kuchokera kugolosale. Analowa m'nyumba onse awiri. Laputopu inali yotseka patebulo, chete. Koma joyisitiki, imene Malizani anaisiya m'kabati, inali pampando, chingwe chake chili cholumikiza.

"Waiika ndiwe," anatero Malizani.

"Ine ndikhudze katundu wa maliro? Ndapenga?"

Madzulo ake, atakhala yekha moyang'anizana ndi laputopu, manja ali pamaondo, anaona kanyali kobiriwira kaja kakuphethira. Palibe amene ankakhudza batani. Kanaphethira, n'kudikira, n'kuphethiranso mofulumira, mwadongosolo, ndipo Malizani, poti ndi woyimba, anazindikira msanga kuti uku si kuwonongeka kwa makina. Kankatsatira kayambidwe ka nyimbo imene Anakileti ankatsegulira perekaniperekani. Anayang'ana mabatani a laputopu. Limodzi linali lolowa pansi, lokhalokha, ngati pali chala chimene chalipanikiza. Analitokosa ndi chikhadabo, koma linakana kudzuka. Atachotsa dzanja linadzuka lokha pang'onopang'ono, loyandikana nalo n'kulowa.

Mukuganiza kuti anathawa? Munthu wabwinobwino akanathawa. Thupi linachita tsemwe, inde. Koma Malizani anakhala pomwepo, maso ali tong'o pa kanyaliko, phazi likutsatira kagundidwe kake, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri sichinali mantha. Anaona kuti malo amene iye wakhala akuphonya masiku onsewa, pamene ng'oma zimadukiza mangolongondo, kanyaliko sikankaphonya.

"Ukundiphunzitsa?" anafunsa monong'ona, ataluma mano. "Iwe ukundiphunzitsa ine?"

Kanyali kanasiya kuphethira.

Lachisanu m'mawa kunamveka odi pageti. Anali Nangozo, maso ali otupa. Anakana kulowa m'nyumba, anakananso mpando.

"Alamu, sindikugona ine. Ndikangotseka maso ndikumuona ataima pakhomo pa chipinda, manja onse awiri atatambasula. Sakuyankhula. Ndikumufunsa kuti ukufuna chiyani, iye akungotambasula manja. Kodi ananenadi kuti mutenge?"

Pamenepo ndi pamene munthu akanadzipulumutsa. Laputopu inali patebulo pomwepo, chitenje chake chili pambali. Koma Malizani anaganiza za holo yodzaza, anaganiza za mawa, ndipo anamuyang'ana mayi wamasiyeyo m'maso osaphethira.

"Ananena, alamu. Maloto amenewo ndi chisoni chabe. Limbani mtima, Lamulungu ndibweretsa ndekha."

Nangozo atapita, Esinala analowa kuchipinda n'kumanga kathumba kake.

"Bambo, kabwezeni chinthuchi lero lomwe. Galu wa aneba wasiya kudutsa pakhomo pano, simunaone? Ndipo inu mukamagona zala zanu zikumadina pamsana panga. Mtsatireni mayi uja, mukanene zoona."

"Mawa lokha. Anthu andimve kaye."

"Akumveni inu, kapena amumve malemuyo?"

Malizani anamenya tebulo. Esinala ananyamula kathumba kake n'kupita kwa mchemwali wake ku Namiyango.

Loweruka holo inadzaza mpaka ena kumasuzumira pamawindo. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana bandi, Malizani n'kuimirira kutsogolo, joyisitiki ili m'manja. Kiyibodi yake anaisiya kumbuyo, sanailumikize n'komwe. Anadina.

Zinalira, abale. Zinalira kuposa mmene zinalirirapo m'nyumba mwake. Amayi anayimba nthungululu, agogo ena anataya ndodo, ana anakwera pamipando. Kwa kanthawi kochepa Malizani anali wosangalala kuposa mkwati. Anatseka maso, khutu lili tcheru, kudikira dzina lake.

Ali chitsekere maso choncho anazindikira kuti ng'oma ikugunda chala chake chisanafike pa batani. Pang'ono pokha, koma woyimba amadziwa. Anafulumira kuti aipeze, iyo n'kumuthawanso. Anaimitsa zala zonse. Nyimbo inapitirira, ndipo ndikuuzeni chopweteka, inakoma kwambiri iye atasiya. Kandodo ka joyisitiki kankapendekeka kokha pansi pa chala chake, ndipo pamwamba pa manja ake panazizira, ngati wina wawafumbatira kuchokera kumbuyo.

Kenako dzina linamveka. Linayambira kumbuyo kwa holo, kwa mayi wina, n'kufalikira mpaka kutsogolo.

"Anakileti! Anakileti!"

Anthuwo sankadziwa kanthu. Ankangotamanda nyimbo imene mwini wake ankamudziwa. Ena ankavina misozi ili m'masaya.

Malizani anapsa mtima mpaka mantha onse kuiwala. "Ndine! Ndikuliza ndine!" anakuwa, koma ndani akanamumva? Anamenya batani lalitali lija. Ng'oma zinaleka, mangolongondo analeka, koma panatsala chinthu chimodzi, liwu lija la Anakileti loyimba cham'mphuno, likungopitirira, osakwera, osatsika, osapuma mpweya. Anamenyanso batani. Anazula chingwe cha joyisitiki. Anatseka laputopu. A Mbendera anathamanga kukazimitsa masipika onse pakhoma, tinyali take n'kuzima anthu akuona.

Liwu lija silinaleke.

Anthu onse anangoti kakasi. Mwana wina anayamba kulira, mayi ake n'kumutseka pakamwa. Amene anali pafupi ndi zitseko anayamba kutuluka chafutambuyo, mkwatibwi n'kubisa nkhope paphewa pa mkwati. Liwulo silinkachokeranso ku masipika. Ena amati linkachokera kudenga, ena amati pansi, koma Malizani ankalimva chapaphewa pake, pamene pangafike pakamwa pa munthu wamfupi.

A Mbendera anamugwira mkono. "Wachita chiyani iwe? Katunduyu unamutenga bwanji?"

"Ndinanama, bwana," anatero Malizani. "Malemu sanandiuze kuti nditenge. Ndipo dzina lake ndinalifufuta."

"Usandiuze ine. Uza mwini wake."

Malizani anayang'ana anthu onse aja amene ankalakalaka kuti amuyang'anenso. Tsopano ankamuyang'anadi, onse. Manyazi anamugwira, ndipo anangoti chapansipansi, kuti ena asamve, "Pepa, aise. Siya."

Liwu linapitirira. Wakufa sanyengedwa ndi pepa wa pamlomo.

Ndiye anagwada pasimenti ndi suti yake yomwe. Mawu amene anatuluka anachita kung'amba pakhosi, poti anali atawameza kwa nthawi yaitali.

"Unkandiposa! Wamva? Unkandiposa, Anakileti, ndipo ndinkadana nawe chifukwa cha chimenecho basi. Sunandilakwire kanthu. Utamwalira ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Nyimboyi ndi yako, anthuwa ndi ako. Ine ndalephera. Chotsa chala, mbale wanga, ndakupempha."

Liwu linakhalabe pang'ono, ngati munthu amene akuganiza. Kenako linatsika bwinobwino, mmene linkatsikira pomaliza nyimbo mwini wake ali moyo, n'kuleka. Palibe amene anaomba m'manja.

Laputopu inabwerera kwa Nangozo madzulo omwewo, atanyamula a Mbendera, poti Malizani manja ankakana kuigwira. Akuchimuna atabwera kuchokera ku Nguludi anamva zonse, ndipo akuti pogawa katundu, laputopuyo sanaipatse munthu. Kumene anaipititsa sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Esinala anabwerera kunyumba patapita nthawi. Nangozo mpaka lero akakumana ndi Malizani panjira amawolokera tsidya lina.

Malizani anabwerera pa kiyibodi yake, ndipo akulizabe. Ine ndinganene kuti masiku ano akuliza bwino kuposa kale. Posachedwapa ndinali naye pa ukwati wina ku Chigumula, ine ndili pa masipika. Analiza mpaka ine ndemwe kuiwala ntchito. Anthu anavina, fumbi kobo, ndipo nyimbo itatha mayi wina anachita kudutsa pakati pa anthu, akupukuta misozi, n'kudzamugwira dzanja. Ndinaona nkhope ya Malizani ikuwala pang'ono, ngati kale.

"Mwatikumbutsa kutali, bambo," anatero mayiyo. "Inu si aja munkayimba ndi malemu Anakileti? Pepani, dzina lanu paja ndani?"

Malizani anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma mayiyo anali atatembenukira kale kwa mnzake, akumufotokozera mmene malemu ankalizira.